Nkhwangwa inali itanoledwa kale

Tinaupeza pomwepo

Poloti yathu tinagula mu 2016, cha kuno ku Thondwe mukamachoka ku Zomba kulowera ku Blantyre. Unali munda wa chimanga wakalekale, mizere ikuonekabe, mitengo yonse anagwetsa kupatula umodzi wokha kumtunda kwenikweni kwa malowo. Nawonso zikuoneka kuti anaudulapo nthawi ina chifukwa unachita kuphukira pa chitsa, mathunthu atatu otuluka pamodzi ngati mafuwa.

Amisiri omanga nyumba ndi amene anaupulumutsa koyamba. Ankapachikapo malaya, nsima kuphikira pamthunzi pake, ndiye nditati tiuchotse pakhale poyera anandipempha kuti abwana dikirani kaye timalize, dzuwa la Okutobala pano silichezetsa. Nyumba inatha mu 2018, tinalowa, mtengo unatsala. Mnyamata amene anandigulitsa malowo nditamufunsa dzina lake anangoti ndi mtengo wa m'tchire basi, ndipo ine ndinakhutira ndi yankho limenelo kwa kanthawi.

Ndikuuzeni mmene ulili, mwina nanunso muli nawo pakhomo. Masamba ake ndi aakulu, ena kuposa chikhatho changa, okhuthala, olimba ngati chikopa chouma, ndipo amaunjikana kunsonga kwa nthambi, m'mbuyomu nthambi ili yokhayokha ndi zipsera za masamba akale. Pamwamba tsambalo ndi lobiriwira kwambiri, ukalitembenuza kunsi kuli timaubweya tofiirira ngati dzimbiri, mitsempha yake yotukuka itandandalikana uku ndi uku. Khungwa ndi lakuda motuwa, long'ambikang'ambika chotsika. Masambawo akagwa n'kuuma saola msanga ndipo ukawaponda amalira, moti usiku galu akangodutsa kuseli timamva tili m'nyumba.

Zonse zimene anandiuza ndinachita

Chaka chilichonse mvula ikakhazikika, cha mu Januwale mpaka Febuluwale kapena Malichi, mtengowu umatulutsa timipira tachikasu motuwa tambirimbiri m'munsi mwa masamba, njuchi ndi ntchentche kuchita phokoso tsiku lonse. Pakapita masiku timipirato tonse timagwa, pansi kuchita mbwee. Ine m'mutu mwanga ndinkati tizipatso tikuyoyoka tisanakhwime, ndiye kuti mtengowu ukudwala kapena pali chimene ukusowa.

Ndinayamba kufunsa. Mnzanga wa kuntchito ataona chithunzi anati ndi mkuyu, koma nditathyola tsamba sipanatuluke mkaka uja umatuluka pa mkuyu. Wina anati ndi peyala wa kutchire, ndidikire, mapeyala odzala njere amatha zaka 7 kapena 10 asanabale, ndipo zimenezo ndi zoona ndithu za mapeyala ndiye ndinadikira. Ndinajambulanso ndi app ina ya pa foni imene imatchula mayina a zomera, inandipatsa mayina atatu osiyana pa zithunzi zitatu, onse a mitengo ya kunja.

Amalume a ku Bangwe pa foni anati khomamo msomali, mtengo waulesi umafuna kuudzutsa. Ndinakhoma, wa mainchesi 6. Ena anati tema khungwa ndi chikwanje ngati mmene amachitira mango osabala, ndinatema. Phulusa la kukhitchini lonse linkathera patsinde pake. Ndipo chaka chilichonse ndikamathira Urea pa kadimba ka chimanga kuseliko, ndinkasiyako wodzaza mbale n'kukwirira mozungulira mtengowo.

Pano ndi pamene ndikudziwa kuti ngakhale ukanakhala mtengo woti ungabale, Urea ameneyo sakanandithandiza. Urea ndi nayitirojeni yekhayekha, 46 pa 100 alionse, ndipo nayitirojeni akachuluka mtengo umangokankha masamba ndi nthambi, maluwa n'kuchepa. Anthu ambiri amene amadandaula kuti mango kapena malalanje a pafupi ndi khola ali bii kubiriwira koma osabala, vuto limakhala lomwelo. Mitengo ina imakanika chifukwa cha mthunzi, ina ndi yongochedwa poti inachokera ku njere, mango ena maluwa ake amagwidwa ndi matenda oyera ngati ufa aja n'kuuma onse. Zonsezi ndinaziwerenga, ndinaziyeza pa mtengo wanga chimodzichimodzi, palibe chinagwirizana.

Mawu amene ankalasa

Pali china chimene sindinkauza anthu. Ine ndi akazi anga tinakhala zaka 5 m'banja opanda mwana. Amene munadutsamo mukudziwa mmene anthu amayankhulira, sakutchula iweyo koma mawu ake akubwera kwa iwe. Alendo akabwera tinkakhala pamthunzi wa mtengo womwewo chifukwa ndi pokhapo pozizira pakhomo pathu, ndiye munthu ayang'ane m'mwamba, afunse kuti kodi chimtengochi chimabala? Tikati ayi, amvekere nanga mukusungiranji chinthu chosabala pakhomo.

Mwina ambiri sankatanthauza kanthu. Koma ndinkaona akazi anga akudzuka kuti akaone madzi pamoto, pamene madziwo panalibe. Tsiku lina usiku anandiuza kuti mtengowo sakuufuna, masamba ake amavuta kusesa. Ndinadziwa kuti nkhani si kusesa.

Mwana wathu anabadwa mu Januwale 2023. Ndipo chodabwitsa, ndi pamene mtima wofuna kuudula unakula mwa ine, ngati ndikufuna kuchotsa pakhomo chilichonse chondikumbutsa zaka zija. Ndinapangana ndi waganyu wa m'mudzi momwemuno kuti abwere Loweruka, malipiro ake atenge mathunthuwo. Pamalopo ndinkafuna ndidzalepo peyala womezanitsa.

Loweruka lija

Apongozi anga anali atabwera kuchokera kwawo ku Ntcheu kudzathandiza mwana wawo pa chikuta. Aka kanali koyamba kufika pa nyumba yatsopanoyi, ndipo masiku oyambawo sankatuluka kwenikweni, anali a m'nyumba ndi kukhitchini basi. Ine ndi iwo timapatsana ulemu wa chipongozi, moni wa patali, nkhani zambiri zimadzera mwa akazi anga.

M'mawa umenewo kunali kutagwa mvula usiku. Waganyu uja anakhala pa mwala akunola nkhwangwa, ine ndikumanga chingwe ku nthambi yoyang'ana kudenga kuti isagwere malata. Apongozi anatulukira kuseli ndi beseni la matewera kuti akayanike, anaima, anatula beseni pansi.

"Bambo, nkhwangwayo mukufuna mugwetse chiyani?"

Ndinatsika, ndinanjuta chapatali. "Chimtengo ichi amayi. Zaka zonsezi sichibala, chimangoyoyola zipatso zisanakule."

Sanayankhe msanga. Anayang'ana m'mwamba, kenako anawerama n'kutola kampira kamodzi mwa tija tinagwa, anakafikisa pakati pa zala, kanangophwanyika, pa chala panatsala kaufa kachikasu. Anatambasula dzanja kuti ndione ndili pomwe ndinanjutapo.

"Izi si zipatso bambo. Awa ndi maluwa. Uwu ndi msuku."

"Msuku? Wa masuku timadyawa?"

"Womwewo. Koma wanuwu ndi waumuna. Ngakhale muuthire feteleza thumba lonse subala, ntchito yake si imeneyo."

Anayenda mozungulira tsinde, anaona mabala a chikwanje aja, anagwira mutu wa msomali umene unali ukuonekabe. Sanandidzudzule. Anangoti, "Mwauvutitsa." Kenako ananyamula beseni lawo n'kupita ku chingwe cha zovala.

Ndinatembenukira kwa waganyu uja, ndinamufunsa ngati iye ankadziwa. Anati eee abwana, msuku ndani saudziwa, ine ndimayesa mukudziwa, mwangofuna malo. Zaka zonsezo ndinafunsa foni, ndinafunsa anzanga a mu ofesi, ndinaimbira amalume ku Blantyre, koma munthu amene amadutsa pa geti panga tsiku lililonse ndi khasu paphewa sindinamufunsepo. Ndinamupatsa ndalama ya tsikulo, ndinamupepesa kuti mathunthu sapeza. Chingwe chija ndinamasula ndekha.

Ndinkadziwa suku, mtengo wake ayi

Chimene chinandisowetsa tulo usiku umenewo n'chakuti masuku ine ndadya moyo wanga wonse. Ndinakulira ku Ndirande, bambo anga malemu ankayenda kwambiri njira ya ku Lilongwe, ndipo mu Disembala basi ikaima pa Lizulu sankabwera chimanjamanja. Tinkakhala pakhonde ana tonse, kufinyira suku m'kamwa, kumung'unya njere zija zitatu kapena zinayi mpaka ziyere, makoko mulu. Fungo lake ndingalizindikire nditatsinzina. Koma kwa ine masuku ankachokera m'beseni la amayi a pamsewu. Kuti pali mtengo wake wooneka mwakuti, wokhala ndi maluwa otere, sindinaganizepo, ndipo ndinakhala pansi pake zaka pafupifupi 5 ndikumwa tiyi.

M'mawa mwake apongozi anandifotokozera mwa njira yawo, akazi anga ali pakati pathu ndi mwana. Anati chimanga chili ndi ngayaye pamwamba ndi ndevu m'munsi, zonse pa phesi limodzi, ndiye chimadzikwanira. Mango chimodzimodzi, mtengo umodzi uli ndi zonse. Koma pali mitengo ina imene umuna uli pa mtengo wina, ukazi pa wina. Papaya tonse timamudziwa, wamwamuna uja wa maluwa olendewera pa timapesi tatitali. Msuku ndi wotero, mfula ndi wotero, nthudza nayonso. Msuku waumuna maluwa ake amaunjikana timagulu, ndi timipira tija, muli mungu wokhawokha, ukatha ntchito timagwa. Waukazi duwa lake limakhala palokhapalokha, pakati pali kanthu kobiriwira kamene kadzakule n'kukhala suku ngati tizilombo tabweretsa mungu. Kuchokera pa duwa mpaka suku lakupsa pamadutsa chilimwe chonse, n'chifukwa chake maluwa ndi a mu Febuluwale koma masuku timadya Novembala, Disembala mpaka Januwale.

Ndipo mtengo usanachite maluwa palibe angakuuzeni kuti uwu ndi waumuna kapena waukazi, masamba ndi amodzi, khungwa ndi limodzi.

Dzina lake nditalidziwa zina zonse zinatseguka. M'mabuku a sayansi amautcha Uapaca kirkiana, potengera John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone m'dera lino la Shire mu 1859. Ku Zambia amati masuku ngati ife, ku Zimbabwe mazhanje. Ndi mtengo wa m'nkhalango zathu zachilengedwe, wokonda m'mapiri ndi m'malo a miyala ndi mchenga mmene chimanga chimakana.

Tinapita kukaufuna mnzake

Lolemba madzulo apongozi anauza mwana wawo kuti andiuze kuti njuchi zonse zija sizingamabwere pachabe, payenera pali waukazi pafupi. Tinanyamuka, iwo patsogolo ine m'mbuyo. Njira yonse ankandilozera zitsa m'minda ya anthu, ichi chinali msuku, icho muula, icho mombo, ine ndikungoona zitsa zofanana.

Tinaupeza kumunsi, m'mphepete mwa dambo, mtunda wosakwana mphindi 5 kuchokera pa geti pathu, pa munda wa agogo ena amene ndinkangopatsana nawo moni. Mtengo waukulu kuposa wanga, thunthu limodzi, ndipo pa msinkhu wa pachifuwa pali chibala chachikulu chozungulira pomwe ana akhala akumenya ndi mwala zaka ndi zaka kuti masuku agwe. Apongozi anakoka nthambi n'kundionetsa duwa lalikazi, lokhalokha ndithu monga ananenera.

Agogowo anati mtengowo anausiya ndi malemu amuna awo pamene ankatsegula mundawo, chifukwa masuku ake ndi okoma kuposa onse a m'deralo. Anati umabala chaka ndi chaka, ena amadya ndi adzukulu, ena amavundika n'kukagulitsa pamsika, ngakhale kuti masiku ano subala ngati kale. Apongozi anawauza kuti mwamuna wa mtengo wanuwu ali kuseli kwa nyumba ya mwana wanga, ndipo anatsala pang'ono kugwa Loweruka. Agogo anagwira pakamwa.

Masabata otsatira ndinayenda ndekha dera lonse lathu kuwerenga. Kunja kwa kumanda, kumene nkhalango yakale inatsalako, ndinapeza misuku inayi yokha. Itatu yaikazi, waumuna ndi wanga uja basi. Ndipo n'zomveka mmene zinachitikira. Munthu akamatsegula munda amasiya mtengo umene amadyako, wosabalawo ndiye woyamba kupita ku nkhuni, ku makala, ku milimo ya nyumba poti msuku chiswe sichiudya msanga. Aliyense payekha akuchita zanzeru. Koma ikatha yaimuna yonse, yaikazi ija imene tinaisunga ndi chikondi idzangochita maluwa n'kuyoyola, ndipo tidzati nthaka yatha kapena mvula yasintha. Ine ndikuona kuti alangizi akamatiuza zosiya mitengo m'minda azinenanso zimenezi momveka, chifukwa ine munthu wopita kusukulu sindinazimvepo kwina kulikonse kufikira tsiku la beseni la matewera lija.

Apongozi anabwerera ku Ntcheu kumayambiriro kwa Malichi. Patangopita masiku kunabwera namondwe Freddy, ndipo kwa miyezi ingapo palibe ankaganiza za mitengo ya zipatso kuno kummwera.

Kumezanitsa

Mtima wofuna masuku pakhomo panga sunathe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pafupi pomwepa, ku Makoka, akatswiri a ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, anayamba kale m'zaka za m'ma 1990 kufufuza mmene zipatso zathu za m'tchire zingalimidwire pakhomo, masuku, maula, mateme ndi mfula. Anapeza kuti msuku wodzala njere umatha zaka 10 kapena kupitirira usanabale, koma womezanitsa ndi kanthambi ka mtengo waukazi wobala kale umayamba patatha zaka zitatu kapena zinayi, ndipo umadziwiratu kuti ndi waukazi, kukoma kwake n'kwa mayi wake yemweyo.

Palinso zina ziwiri zimene zimagwetsa anthu ofuna kudzala misuku. Njere yake sisungika, ukaiumitsa ngati ya chimanga yafa, imafuna kudzala masiku omwewo wadya sukulo. Chachiwiri, mizu ya msuku imakhala pa ubale ndi bowa, pali ulusi wa bowa m'dothi umene umakuta timizu n'kumathandiza mtengo kukoka chakudya m'nthaka yosauka, ndiye mbande ikakhala mu chubu cha dothi wamba imafika pena n'kuchita chikasu, kupinimbira, kufa. Mu chubu muzisakaniza dothi lotapa pansi pa msuku waukulu. N'chifukwa chakenso bowa amakonda kumera pansi pa misuku nthawi ya dzinja. Mtengo umene ndinkaukwirira Urea uja unali ndi njira yakeyake yodyera.

Kuzungulira mtengo wanga pamatuluka mphukira zochokera ku mizu, zimene kale ndinkangozisadza ndi khasu. Zimenezo nazonso ndi zazimuna poti ndi thupi lomwelo, koma mizu yake ndi yokhazikika kale, ndiye ndinaganiza zomezanitsapo. Mu Okutobala 2023 ndinayesa ndekha, mpeni wa kukhitchini ndi timapepala ta pulasitiki todula ku jumbo ya shuga, mphukira 6. Zonse zinauma pasanathe mwezi.

Mu Novembala 2024 ndinaitana bambo wina amene ali ndi nazale ya mango ndi mapeyala omezanitsa. Tinapita kwa agogo m'mamawa dzuwa lisanatuluke, tinapempha, anadula tinthambi tonenepa ngati pensulo, anachotsa masamba, anakulunga mu nsalu yonyowa. Kufika kwathu anasankha mphukira zonenepa mofanana ndi tinthambito, mpeni wake wakuthwa ngati lezala, kudula kamodzi kokha osabwereza, kung'amba pakati, kusongola kanthambi mbali ziwiri, kulowetsa kuti khungwa likumane ndi khungwa, kumanga zolimba, kuvindikira ndi kajumbo kuti kasaume. Anandionetsa kuti ine ndinkalakwitsa pomwepo, makungwa sankakumana ndipo mpeni wanga unkatafuna m'malo modula. Tinachita zisanu. Ziwiri zinagwira.

Pano zafika m'chiuno mwanga, ndinazitchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi. Chilichonse chophuka m'munsi mwa pomezapo ndimachotsa, chifukwa chimenecho ndi chachimuna ndipo chingalande mphamvu. Sizinachite maluwa, nthawi yake sinakwane.

Mtengo waukulu uja uli pomwepo. Mabala a chikwanje anapola, anasiya mizere yotupa. Msomali ndinayesa kuuzula ndi pulayala koma khungwa linaumeza kale, ndinausiya. Akazi anga amasesabe masamba aja m'mawa uliwonse, amawaunjika patsinde m'malo mowatentha, ndipo mlendo akafunsa kuti kodi umabala amayankha okha kuti ndi msuku waumuna, ana ake ali kudambo. Apongozi akaimba foni amafunsa mdzukulu wawo kaye, kenako amati nanga msuku uli bwanji.

Disembala wapitayu agogo aja anatumiza mdzukulu wawo ndi beseni la masuku, ndalama anakana. Tinadya pansi pa mtengo womwewo, mwana wathu madzi a masuku mpaka m'zigongono. Njere sindinataye. Ndinatapa dothi patsinde, ndinadzaza machubu 12, ndinadzala tsiku lomwelo, zamera 7. Kuti iyi ndi yaimuna iyi yaikazi ndidzadziwa mwanayu ali cha mu Sitandade 6 kapena 7, ndipo malo ake ndasankha kale, m'malire a kumtunda, yonse 7.